Mafunso Anu: Achinyamata ndi Zithunzi za pa Foni

Mwana wanga wamkazi wa zaka 17 amaluka tsitsi, ndipo amaika zithunzi za ntchito yake pa Facebook ndi pa status ya WhatsApp. Atate ake akuti asiye. Kodi timuletse? Mayi wa ku Kapata, Chipata

Musamuletse amayi. Woluka tsitsi alibe chikwangwani china choposa chithunzi cha mutu umene waluka, ndipo makasitomala ambiri amabwera ataona chomwecho. Chofunika n'kukhala naye pansi muone limodzi zimene zikuoneka kumbuyo kwa mutuwo. Geti la nyumba, nambala ya pulotu, baji ya sukulu pa yunifomu, zonsezi zimalondolera mlendo mpaka pakhomo. Azijambulira pa khoma lopanda kanthu, mutu wa kasitomala utayang'ana kumbali, ndipo aziyamba wapempha mwini mutuyo.

Palinso chobisika. Ngati Location ndi yotsegula, kamera ya foni imalemba m'kati mwa chithunzi malo enieni amene chajambulidwira. Facebook ndi WhatsApp amachotsa zimenezi pa chithunzi chimene ena aone, koma chikatumizidwa pa WhatsApp ngati Document chimapita nazo zonse. Alowe mu Settings za kamera atseke Location tags. Atsegule tsamba la bizinesi lapadera, zithunzi za iye mwini aziika pa Friends osati Public. Akapita ku Nc'wala ku Mtenguleni kapena ku Kulamba ku Mkaika, zithunzi aziika atabwerako, osati akadali komweko.

NRC ndi pepala la zotsatira za mayeso asaziike konse, ngakhale wakhoza bwanji. Dzina, nkhope ndi nambala zikakhala pamodzi, akuba amatsegula nazo akaunti yabodza n'kuyamba kupempha abale ndalama pa Airtel Money kapena MoMo.

Ndili ndi zaka 16. Ndinatumizira chibwenzi changa chithunzi chosavala kudzera pa View once. Tinasiyana, tsopano akuti ndikapanda kumutumizira ndalama achiika m'gulu la kalasi yathu. Chinatsala bwanji? Ndichite chiyani? Mtsikana wa ku Katete

Mwanawe, wachita bwino kufunsa. View once, njira ya WhatsApp yotumizira chithunzi chimene chimazimiririka chikangotsegulidwa kamodzi, imaletsa screenshot, koma siletsa munthu kutenga foni yachiwiri n'kujambula sikirini. N'kutheka kuti ndi mmene anachitira. Delete for everyone, yofufutira uthenga m'foni mwako ndi mwa amene unamutumizira, nayonso imagwira kwa masiku pafupifupi awiri okha, ndipo sifufuta chimene wina wasunga kale.

Usamulipire ngakhale ngwee imodzi. Ukalipira lero wamuonetsa kuti mantha ako ndi munda wake, mawa abweranso ndi mtengo wokwera. Usamutumizirenso chithunzi china poganiza kuti mtima wake ukhala pansi.

Mauthenga oopsezawo usafufute, ndiwo umboni wako. Uwajambule screenshot moti nambala yake, tsiku ndi nthawi zioneke, pamodzi ndi nambala imene akufuna ndalamazo zipite. Ukatero umutseke (Block). Chithunzi chenichenicho usatumizire aliyense, ngakhale mnzako wapamtima amene akuti akuthandiza.

Kenako uuze munthu wamkulu: amayi, azakhali, kapena aphunzitsi a guidance. Tikudziwa kuti apa ndi pomwe pali phiri, koma woopsezayo akudalira manyazi akowo. Ngati pakamwa pakulemera, imba 116, nambala yaulere ya Childline, alangizi akuthandize poyambira. Pamodzi ndi wamkuluyo mupite ku Victim Support Unit ku polisi. Malamulo a Zambia amaletsa kusunga ndi kufalitsa zithunzi zotere za mwana wosakwana zaka 18, ndipo kufuna ndalama moopseza ndi mlandu winanso paokha. Aliyense wa m'gulu la kalasi amene angachitumize kwina naye wadziika m'mlandu.

Pa intaneti pali chithandizo chaulere chotchedwa Take It Down, cha osakwana zaka 18. Chithunzi sichichoka m'foni mwako. Chimangopangidwira chidindo cha manambala chimene Facebook, Instagram ndi TikTok amagwiritsa ntchito pochizindikira ndi kuchichotsa chikaikidwa poyera. M'magulu a WhatsApp chidindocho sichifika chifukwa mauthenga ake ndi otsekedwa, n'chifukwa chake ulendo wa ku polisi usauzengereze.

Kwa makolo amene mwana angakuuzeni zotere: musayambe ndi chikwapu kapena kulanda foni. Umboni uli m'foni momwemo.