Funsani Azakhali: Amayi akubwera ku Johannesburg, ndiwatengere kuti?

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 27, ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Johannesburg. Mwezi wa Julaye amayi anga akubwera kuchokera ku Nkhotakota kudzandiona, ndipo aka n'koyamba kutuluka m'Malawi. Tsiku lopuma ndimakhala nalo Lamlungu lokha, ndalama nazonso zathera pa tikiti yawo ya basi. Sindikufuna kuti akabwerera kumudzi azikati ku Joni anangoonako kachipinda kanga ndi mashopu. Amayi amakonda zomera, khonde lawo n'lodzaza ndi maluwa a m'zitini. Mnzanga wandiuza za paki ina yotchedwa The Wilds, koma wina akuti kumeneko n'kwa achifwamba. Ndimvere ziti?

Mwana wanu, Yeoville

Mwana wanga, anzako awiriwa palibe wanama, kungoti wachiwiriyo akukamba za kale. Atengere amayi ako ku The Wilds. Polowa salipiritsa, ndipo kuchokera ku Yeoville n'pafupi kwambiri: pakiyi ili ku Houghton, m'mbali mwa msewu wa Houghton Drive, kufupi ndi Killarney. Mukasonkherana ndi mnzakoyo ya Bolt kapena Uber, simudandaula.

Malowa ndi mahekitala 16 a zitunda zamiyala. Kampani ya Johannesburg Consolidated Investment inawapereka ku mzinda mu 1924, koma anayamba kuoneka ngati paki pambuyo pa chionetsero chachikulu cha Empire Exhibition cha mu 1936, pamene zomera zachilengedwe zimene zinaonetsedwa kumeneko zinasamutsidwira pa zitundazi. Anthu anayamba kulowamo mu 1938. Chimene ndimaikondera pakiyi n'chakuti inapangidwira zomera za kuno kummwera kwa Africa. Mitengo yambiri imene ukuiona m'misewu ya Johannesburg, kuphatikizapo jakaranda amene anthu amamujambula mwezi wa Okutobala, ndi yobwera. Golide asanapezeke mu 1886 kuno kunali udzu, miyala ndi tchire lapansipansi, ndipo pamwamba pa The Wilds m'pamene ungaone pang'ono mmene dziko lino linkaonekera migodi isanalitembenuze, migodi yomwe agogo athu ankadzagwiramo ntchito pa Wenela.

Za achifwambazo n'zoona kuti zinalipo. Cha m'ma 1990 pakiyi inatayiriridwa, tchire linatseka njira, anthu ankaberedwa ndi kuvulazidwa, ndipo mbiri yoipayo inatsalira m'mitu ya anthu mpaka lero. Zinthu zinasintha chifukwa cha bambo wina waluso la zojambula, James Delaney, amene ankakhala pafupi n'kumayendamo ndi galu wake. Anayamba kusadza mitengo ndi kulambula njira, ena n'kumamuthandiza mongodzipereka. Pa tsiku lokumbukira Nelson Mandela mu Julaye 2017 anapachika akadzidzi 67 odulidwa ku chitsulo m'nthambi za mitengo, ndipo anthu amene anali atasiya kubwera anayamba kubwera ndi ana kudzawafunafuna. Pomwe pali anthu ambiri wakuba sakhazikika. Lero Lamlungu m'mawa umakumana ndi mabanja, othamanga, agogo oyenda ndi ndodo, ndi ena ongokhala pa benchi.

Akadzidziwo uwachenjezeretu amayi ako musanafike. Iwe ndi ine tikudziwa kuti kwathu kadzidzi akalira padenga anthu sagona tulo, ndiye mayi wachikulire kukweza maso n'kuona akadzidzi ali ndandanda m'mitengo, mtima ukhoza kudumpha. Uwauze kuti ndi achitsulo, opakidwa penti, ndipo ndi amene anabweza anthu m'pakimu. Palinso nyama zina zachitsulo zobisala m'tchire, monga ngoma ndi kadyansonga wamtali amene amaonekera patali.

Mitengo imene muli akadzidziyo ndi ya yellowwood, mtengo wa fuko la South Africa. Ukalowa pansi pake kumazizira nthawi yomweyo, phokoso la magalimoto limachepa, ndipo pansi pamakhala timasamba titalititali touma tofewa poponda. Abale a mtengowu amamera m'mapiri a kwathu, ku Mulanje ndi ku Zomba, chimodzimodzinso maluwa a protea amene amayi akawaone kumtunda: ku Nyika aliko. Ndikukhulupirira kuti akaima nthawi yaitali pa zomera zina n'kumati ichi ndikuchidziwa. Usawafulumizitse. Munthu wodzala maluwa m'zitini amafuna kugwira tsamba, kulinunkhiza, kuona mmene muzu walowera pakati pa miyala.

Ndipo abwera nthawi yabwino. Ambiri amaganiza kuti m'nyengo yozizira mulibe choona chifukwa udzu umakhala utauma, koma Juni ndi Julaye ndiyo miyezi imene zomera za mtundu wa alovera zimachita maluwa. Pa zitundazi zilipo zambiri, zina zazitali kuposa munthu, zitatulutsa ngala zofiira ndi zachikasu, timbalame ta milomo yaitali tikulimbirana timadzi take. Ukaima phee pafupi, timbalameto timabwera mpaka poti ungatione maso.

Njira za m'pakimu n'zowaka ndi miyala, ndipo zambiri n'zokwera. Apa undimvetsetse. Johannesburg ali pamtunda wopitirira mamita 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Nkhotakota ali m'munsi, cha m'ma 500. Munthu wongofika kumene amachita befu msanga ngakhale ali wamphamvu wozolowera khasu. Usawatengereko Lamlungu loyamba. Apume kaye ulendo wa basi, thupi lizolowere. Muyambire mbali ya kumadzulo, kumene kuli kapinga ndi timaiwe, mukwere pang'onopang'ono n'kumapuma pa mabenchi. Msewu wa Houghton Drive unadula pakiyi pakati, ndipo pali mlatho wa oyenda pansi wolumikiza mbali ziwirizi. Ngati mawondo a amayi akulola, muwoloke. Pamwamba mzinda wonse umakhala poyera: nsanja ya Hillbrow yotalika mamita 269, nyumba yobulungira ya Ponte, ndipo ukatembenukira kumpoto, mitengo yokhayokha mpaka ku Sandton. Ukawalozere kumene umakhala ndi kumene umagwira ntchito, kuti akamakuganizira ali ku Nkhotakota azikhala ndi chithunzi m'maso.

Kusamala kusathe ayi. Mupite m'mawa dzuwa litatentha pang'ono, cha m'ma 9 koloko, muli atatu kapena anayi, ndipo muzitsata njira zimene mukuona anthu ena. Musachedwe mpaka madzulo, foni muziitulutsa pojambula pokha. Amayi avale juzi ndi nsapato zotseka, osati mapatapata, chifukwa mphepo ya Julaye kuno imaluma ndipo miyala imaterera. Mutenge tiyi m'fulasiki, mandazi kapena mbatata yophika, ndi chitenje choyala pa kapinga. Chinthu chimodzi uwakanize mwaulemu: kuthyola kanthambi koti akadzale kwawo. Zomera za m'menemo n'zotetezedwa.

Ndikuyamika kuti waganiza zimenezi. Amalawi ambiri kuno timakhalira kusesa mabwalo a eni ndi kuthirira maluwa a eni sabata yonse, koma kukhala pansi m'munda wokongola popanda wotituma sitikudziwa. Pakiyi ndi ya mzinda, ndipo iwe ndi amayi ako muli ndi ufulu wokhalamo ngati wina aliyense.

Azakhali,

Ndine mkulu wa mpingo wina wa Amalawi kuno. Tikufuna tsiku lina tikachezere panja, tiotche nyama, ana asewere mpira. Tilipo pafupifupi 60. Kodi The Wilds ingatikwane?

Bambo a ku Rosettenville

Bambo, kumeneko sikungakuyenereni. Ndi malo a zitunda, njira zake n'zopapatiza, ndipo moto pafupi ndi udzu wouma wa m'nyengo yozizira ndi ngozi. Pitani ku Zoo Lake, ku Parkview, kumene kuli bwalo lalikulu lathyathyathya, mithunzi ndi dziwe. Malo amenewo anaperekedwa ku mzinda mu 1904 ndi lamulo loti akhale a anthu a mitundu yonse, ndipo ngakhale m'nthawi ya tsankho anthu akuda ankalowamo. Popeza ndinu gulu lalikulu, yambani mwafika ku ofesi ya Johannesburg City Parks and Zoo, imene imayang'anira mapaki onsewa, mukapemphe chilolezo ndi kumva pamene mungakolezepo moto. Musankhenso anyamata angapo oti adzatolere zinyalala musanabalalike.