Onani kaye nambala ya error musanagwire chmod

Achimwene, funso lanu lija ndaliona, loti pa laputopu ndi XAMPP (pulogalamu yoyesera PHP pa kompyuta yanu) zithunzi zikukwera bwinobwino koma mutayika khodi pa seva ya hosting, move_uploaded_file, function ya PHP yosungira fayilo yomwe yakwezedwa, ikungobweza false osanena chavuta. Za chmod 777 (kupatsa aliyense chilolezo cholemba mu foda) zomwe ena akuuzanizo dikirani nazo kaye.

Ikani print_r($_FILES); exit; pamwamba penipeni pa fayilo yolandirayo, muone nambala yomwe ili pa error, PHP imanena vuto lake ndithu kungoti ifeyo sitifunsa. Ikakhala 1 ndiye kuti fayilo yakula kuposa upload_max_filesize (malire a kukula kwa fayilo imodzi), imeneyi imabwera ili pa 2M basi, chithunzi cha mafoni a masiku anowa chimadutsa pamenepo mosavuta. Ikakhala 6 foda ya tmp (yomwe fayilo imafikira kaye) kulibe, 7 yalephera kulemba pa disiki, ziwirizi kawauzeni a hosting.

Koma chomwe chinandigoneka mochedwa ine ndi china. $_FILES inkabwera yopanda kanthu, $_POST nayonso mbee, ndinayang'ana enctype="multipart/form-data" pa fomu ilipo, ndafufuta ndalembanso, ndakwezanso fayilo kambirimbiri mpaka bandulo kutha, osadziwa kuti nkhani ndi post_max_size, malire a zonse zomwe fomu ikutumiza. Inali pa 8M pomwe PDF yanga inali 11 MB, ndipo mukadutsa malire amenewo PHP imataya zonse, ndi nambala ya error yomwe simuiona. Ndiye mukamakweza upload_max_filesize mukwezenso inzakeyo, ikhale yokulirapo pang'ono.

Ngati muli pa cPanel sinthani mu MultiPHP INI Editor, kapena lembani mu .user.ini koma iyi imatha kutenga mphindi 5 isanagwire, musafulumire kunena kuti zakanika. php_value mu .htaccess pa seva ya PHP-FPM ikupatsani error 500. Mukaona error 413 pa seva ya nginx imeneyo ndi client_max_body_size, malire ake a nginx omwe amabwera ali pa 1m (1 MB).

Error ikakhala 0 koma zikukanabe, vuto ndi komwe mukuitumizako. Windows imaona Uploads ndi uploads ngati foda imodzi, Linux ayi, ndi ziwiri zosiyana. Lembani __DIR__ . '/uploads/' kenako muyese is_writable(). Pa VPS ya Ubuntu PHP imayenda ngati www-data, mupatseni www-data umwini wa fodayo ndi chown, chmod 755 yakwana. Komanso muziona mtundu wa fayilo musanasunge, apo ayi wina adzakukwezerani ka .php kake nkukulandani seva yonse.

Tajambulani zomwe print_r yatulutsazo mutiponyere tione.