Makhadi a maluwa a primrose: mmene geni yake imayendera

Achemwali, mwafunsa kuti makhadi aja a maluwa achikasu ndimawapikula kuti, komanso ngati munthu wa mpamba wochepa angayambe nawo. Angayambe ndithu. Koma muyambe mwaidziwa mbiri ya katunduyo, chifukwa ogula makhadi amenewa ndi anthu okonda kufunsa.

Duwalo ndi primrose, la ku Britain ndi madera ena a ku Ulaya. Limamasula kuzizira kukamatha, cha mu March ndi April, ndipo kuno simungalipeze m'tchire. Zimene zili pa makhadipo si zithunzi za kamera. Ndi zojambula pamanja zochokera m'mabuku akalekale a zomera, monga Flora Londinensis imene William Curtis anayamba kutulutsa ku London m'zaka za m'ma 1770. Ankazokota chithunzi pa chitsulo cha kopa, n'kudinda, kenako anthu n'kumapaka utoto tsamba lililonse ndi burashi. Tengani khadi limodzi muliyang'ane pafupi. Timasamba ta duwalo ndi tisanu, kalikonse kotemeka pang'ono kunsonga, pakati pali chikasu chochita kupsa, masamba ake okwinyika ngati a mpiru, ndipo zina anajambula ndi mizu yomwe. Mizuyo ena amaiona ngati uve, koma kasitomala wodziwa amafuna yomweyo.

Phindu la geniyi lagona pa kalendala. Ku Joni tsiku la amayi limakhala Lamulungu lachiwiri la May. Likangodutsa, mashopu amagwetsa mitengo ya makhadi otsala kuti apeze malo a katundu wina. Ife kuno Tsiku la Anakubala ndi pa 15 October. Ndiye mumapikula kumapeto kwa May, kusunga, n'kudzatulutsa September akamatha. Ndalama imagona miyezi ingapo, n'chifukwa chake makhadi musawaikire mpamba wonse. Akwere pamwamba pa katundu wina woyenda msanga. Ine ndimakonda opanda mawu mkati, chifukwa omwewo amapita pa ukwati, pa chinkhoswe, ngakhale kokapepesa maliro.

Njira ndi yomwe ija ya basi: Park Station (depoti ya ku Joni), Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kenako Zobue ndi Mwanza, kapena Dedza ngati mukupita ku Lilongwe. Makhadi musawalole alowe mu tirela ya basi. Mmenemo amaponderezedwa ndi zigubu za mafuta ophikira, ndipo khadi likapindika ngodya latha ntchito. Akulungeni m'pulasitiki, muwaike m'katoni yolimba, ikhale pamiyendo panu.

Pa boda sungani malisiti. A MRA amawerengera msonkho pa mtengo umene munagulira, ndipo lisiti likasowa amaika mtengo wawo. Musanamizidwenso kuti chilichonse chochokera ku South Africa chimapepukidwa msonkho chifukwa cha SADC. Zimenezo ndi za katundu wopangidwa m'chigawo chino, wokhala ndi satifiketi yake. Tembenuzani khadi muone kumbuyo: ambiri anasindikizidwa ku China kapena ku UK. Dongosolo la COMESA la amalonda ang'onoang'ono nalo silikukhudzani pa ulendo uwu, poti South Africa simembala.

Kunena zoona, masiku ano mmene forex ikuvutiramu, ine ndimaona kuti nzeru ndi kusindikiza konkuno. Amene anajambula zithunzi za m'ma 1700 ndi 1800 anamwalira kalekale, umwini wake unatha, ndipo mabuku ambiri oterewa ali pa intaneti ku Biodiversity Heritage Library osalipira. Mungowerenga kaye zimene alemba pa buku lililonse, ndipo musakope khadi la kampani ina lokonzedwa kale, limenelo lili ndi mwini. Ku Joni muzingotenga pepala lolimba la 300gsm ndi maenvulopu a C6, amene amakwana khadi la A6. Wosindikiza mumuuze kuti asayeretse chikasu cha ukalamba wa pepala chija, anyamata a pakompyuta amakonda kuchichotsa poganiza kuti akukuthandizani.

Ogula muwasake m'mashopu a maluwa ndi a mphatso, m'malo ogona alendo a kunyanja, ndi kwa amayi a m'maofesi kudzera pa WhatsApp. Mukasiya makhadi m'shopu kuti adzakulipireni akagulitsa, lembetsanani chiwerengero ndipo asainire.