Foni ya touch ya amayi akumudzi: ya mabatani ija musawalande

Achemwali, ndaliona funso lanu lija loti mukufuna kuwagulira amayi anu a ku Lizulu foni ya touch kuti muzionana nawo pa WhatsApp, koma mukuopa kuti sangaithe poti zaka zonsezi akhala ndi ya mabatani. Za mtundu wa foni anzathu ena omwe anayankha funso lanu akangana kale mokwanira. Ine ndikuuzani zomwe zinandigwera ndi mayi anga, amene amakhala chakufupi ndi Bembeke, chifukwa nkhani imeneyi inandidyera ndalama kawiri.

Amene akuti achikulire sangathe, angowasiya ndi yawo yomweyo, musawamvere. Mayi anga sukulu analekera Sitandade 4, zaka zawo zikuyandikira 70, koma lero amanditumizira mavoisi atatu pa tsiku, ena otalika ngati ulaliki wa pa Isitala, onena za mbuzi za aneba zomwe zalowa m'dimba. Nawonso amene akuti muwagulire iPhone, kaya anayamba atchajitsapo foni pa golosale ya kumudzi, kaya.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kutengeka ndi kutchipa. Mu 2022 ndinalowa mu kashopu kena pa boma la Dedza, ndinapeza foni yogwiritsidwapo kale ntchito, ya dzina lalikulu, yonyezimira bwino, pa theka la mtengo wa yatsopano. Mnyamata wogulitsa anati yangofika kuchokera ku Joni. Ndinaiyatsa, ndinadina apa ndi apo, inayankha, ndinalipira. Chomwe sindinachione n'choti galasi lake linali losinthidwa, anaikamo lotchipa lija. Itafika kumudzi inayamba zake. Mayi akakhudza kumanja, iyo imatsegula za kumanzere. Akaiika pa tchaja imayamba kudzidina yokha ngati mwalowa mizimu. Tsiku lina inawaimbira amalume anga a ku Golomoti 4 koloko m'bandakucha, ndipo mukudziwa kuti foni ya nthawi imeneyo kwathu kuno imatanthauza chiyani. Amalume anadzutsa nyumba yonse poganiza kuti kwagwa zovuta.

Mayunitsi otha pachabe aja sanandiwawe kwenikweni. Chinandiwawa n'choti mayi anakhulupirira kuti vuto ndi iwo. Ankati manja awo ndi a khasu, zinthu za ana asukulu sizingawamvere. Anaikulunga m'kansalu n'kuiponya pansi pa sutikesi, ndipo panatha pafupifupi chaka asakufuna kumva za foni ya touch. Nditaibweza kwa mnyamata uja anangoti mwaigwetsa nokha. Lisiti ndinalibe. Ndalama inapita choncho.

Ndiye gulani yatsopano, ya m'katoni, ndipo lisiti mulisunge. Munthu wozolowera akakumana ndi foni yopenga amadziwa kuti yopenga ndi foniyo, koma wongoyamba kumene amadziweruza yekha n'kugwa ulesi. Ngati thumba likukukakamizani kugula yakale, muiyese musanalipire. Tsegulani polembera uthenga, mudine chilembo chilichonse, makamaka za m'mphepete monga q, p ndi a. Kenako gwirani kachithunzi ka pulogalamu imodzi, mukakoke kuzungulira galasi lonse osachotsa chala. Kakakuthawani panjira, pamenepo ndi pakufa. Mubwereze zonsezi foni ili pa tchaja. Muyang'anenso m'mbali ngati mukuoneka guluu kapena kampata. Wogulitsa akayamba kukufulumizitsani, bwezani ndalama m'thumba.

Mitengo ikusintha ngati nyengo ya pa phiri la Dedza chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye musandigwire pakamwa. Yachiwiri yomwe ndinawagulira mayi, ya itel wamba, ndinalipira cha m'ma K150,000, ndipo inu konzekerani kupitirira pamenepo. Za itel ndi Tecno ubwino wake ndi woti amisiri a pa Ntcheu ndi pa Dedza amazidziwa ndipo zipangizo zake sizisowa. RAM, yomwe imathandiza foni kuyendetsa zinthu mwachangu, isachepere 2GB, ikakhala 3GB ndiye bwino, apo ayi foni imachedwa kuyankha, amayi amadinanso kachiwiri ndi kachitatu, kenako zonse zimatseguka nthawi imodzi. Muonjezere kavala ndi galasi loteteza tsiku lomwelo. Tchaja gwiritsani yomwe yabwera m'katoni, chifukwa zotchipa za pamsika zimapengetsa ngakhale galasi labwino.

Tsopano nkhani yeniyeni ndi ya chala. Munthu amene wakhala zaka 15 ndi foni ya mabatani chala chake chinaphunzira chinthu chimodzi: dina mwamphamvu mpaka umve kuti batani lalowa. Foni ya touch imafuna zosemphana ndi zimenezo. Magalasi a masiku ano, a mtundu womwe unatchuka ndi iPhone yoyamba mu 2007, samva kulemera kwa chala ayi. Amamva timagetsi tochepa kwambiri timene timadutsa pakhungu la munthu. N'chifukwa chake chikhadabo sichigwira, kamtengo ka machesi sikagwira, ndipo kukanikiza mwamphamvu sikuthandiza kanthu. Choipa n'choti ukakanikiza chala chimakhalitsa pagalasi, foni n'kumaganiza kuti ukufuna zina, basi yatulutsa zosankha zachizungu zomwe amayi sanaziitane. Mavuto ambiri a mayi anga ankachokera pomwepa.

Ine ndinavutika kufotokoza mpaka mlongo wanga atapeza mawu ake. Anawauza kuti, amayi, khudzani ngati mukuyesa ngati mphika watentha. Basi tsiku lomwelo zinayamba kuyenda. Pa kukoka chala, monga poyankha foni, anati chitani ngati mukupatula nyemba yofumbwa m'lichero. Mawu ngati amenewa amalowa msanga kuposa kunena kuti swipe kakhumi. Mulowenso mu Settings, pa Accessibility, mupeze pamene alemba Touch and hold delay, muike pa Long. Zikatero foni imawapirira pang'ono asanachotse chala.

Palinso za nyengo. Ku Lizulu ndi ku Bembeke kuzizira kwake n'kumodzi, June ndi July khungu limauma gwa, ndipo zala za munthu wokumba mbatatesi ndi kuthirira kabichi zimakhala ndi zikang'a. Chala chouma chotero galasi limachimva movutikira. Kudzola timafuta pang'ono m'manja kumathandiza. Koma manja onyowa, ochokera kotsuka mbale kapena kudimba, amalisokoneza kwambiri, ndiye azipukuta kaye. Pa chifukwa chomwechi musawaikire loko ya chidindo cha chala. Mizere ya zala za mlimi imafufutika, foni imawakana mwini wake ngati wakuba.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: ya mabatani ija musawalande. Ambiri timalakwitsa pamenepa, timachotsa SIM m'foni yakale, kuiika m'yatsopano, yakaleyo n'kupatsa mdzukulu, poganiza kuti akasowa pothawira aphunzira msanga. Saphunzira, amangokhala osapezeka pa foni. Asiyireni yakale ndi nambala yomwe abale onse amaidziwa, ndipo ndalama za Airtel Money kapena Mpamba zikhale mmenemo. Kudina *211# kapena *444# pa mabatani mayi anga amachita ngakhale mumdima, chala chimadziwa chokha pamene pali nambala iliyonse. Pa galasi palibe choti chala chigwire, ziro mmodzi akhoza kulowa kawiri, kapena nthawi imatha asanamalize n'kuyambiranso. Mapeto ake amapereka foni ndi nambala yachinsinsi kwa aliyense amene ali pafupi kuti awathandize, ndipo mukudziwa kumene zimenezo zimathera. Akuba a pa foni aja, oti ndatumiza ndalama molakwika mundibwezere, amakonda munthu amene akuchita mantha ndi foni yake. Komanso ya mabatani batire lake limakhala masiku angapo, pomwe ya touch imafuna kutchaja pafupipafupi. Sabata ya mitambo sola ikafooka, yakaleyo ndiyo imakupulumutsani. Mu yatsopano muikemo SIM ina ya bandulo basi. Poilembetsa pamafunika chiphaso cha unzika, ndiye musachiiwale.

Musanawapatse, khalani nayo usiku umodzi muikonze. Kulitsani zilembo. Pagalasi loyamba chotsanipo zonse, pasale zinayi zokha: poimbira, WhatsApp, kamera ndi wailesi. Mafoni ambiri kuyambira Android 10 ya 2019 amalola kuyendetsa zonse pokoka chala kuchokera m'mphepete, koma inu bwezeretsani timabatani titatu ta pansi tija, kuti akasochera adziwe kuti kapakati kamawabweza kunyumba. Mawu akuti kunyumba amenewa mayi anga anawakonda, mpaka lero akasokonezeka amati ndibwerere kaye kunyumba. Manambala a ana ndi abale muwaikire zithunzi za nkhope. Zimitsani kokonza mawu kaja, chifukwa kamasandutsa Chichewa kukhala chizungu chopanda mutu. Mu WhatsApp zimitsani zoti zithunzi ndi mavidiyo zizidzitsitsa zokha, apo ayi akangolowa m'gulu la kumphakati kapena la banja, bandulo ya mwezi ithera m'mavidiyo a kwaya masiku atatu.

Chenjezo lina laling'ono. Tsiku lina foni ikhoza kuyamba kulankhula chizungu yokha, kuwerenga chilichonse chomwe mwakhudza, n'kumakana kutsegula. Sinafe. Imeneyo ndi TalkBack, yothandiza anthu osaona, ndipo pa mafoni ambiri imayaka kapena kuzima mukagwira mabatani onse awiri a voliyumu kwa masekondi atatu. Muwauziretu achibale a pafupi, asathamangire kwa mmisiri kukalipira za ziii.

Pophunzitsa musathire zonse tsiku limodzi. Ife tinayamba ndi kuyankha foni basi. Ndinkakhala kukhitchini, iwo pakhonde, n'kumawaimbira mobwerezabwereza mpaka chala chinazolowera. Ndipo kuyankhaku ndiko kunatenga nthawi kuposa zonse, chifukwa foni ikalira mtima umathamanga, chala n'kubwerera ku chizolowezi chakale chokanikiza. Sabata yotsatira anaphunzira kumvera mavoisi. Kujambula awo kunatenga pafupifupi mwezi, poti kumafuna kugwira kachizindikiro ka maikolofoni kaja osasiya, ndipo oyambirira onse anali a sekondi imodzi, ongomveka kupuma. Kuonana pa vidiyo kunabwera kosavuta, ngakhale kwa miyezi iwiri ndinkacheza ndi khutu lawo. Kulemba sanaphunzire ndipo sindiwakakamiza, mavoisi akukwanira. Ifenso a m'tauni tisadzitame, pamene tinkasiya ma Nokia athu tinkadandaula kuti zilembo za pagalasi n'zazing'ono, ena anakakamira BlackBerry zaka zingapo chifukwa cha mabatani omwewo.

Za mphunzitsi samalani. Aliyense akuuzani kuti mdzukulu awathandiza. Mdzukulu saphunzitsa, amalanda foni n'kuchita yekha mwachangu, agogo akungoyang'ana. Pakatha sabata mupeza mwadzaza TikTok ndi magemu, foni ikugona kuchipinda kwa mnyamata. Amene anawamasula mayi anga ndi mnzawo wa ku banki mkhonde, wa msinkhu wawo, amene anali ataiphunzira chaka chapitacho. Amaphunzitsana mosakalipirana, akalakwitsa amaseka limodzi. Mufufuze ngati alipo wotere pafupi ndi amayi anu. Inuyo mukamaphunzitsa manja anu akhale kumbuyo, foni ikhale m'manja mwawo, ngakhale muone kuti akuchedwa bwanji.

Poti mwatchula Lizulu, pali china chomwe anzathu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre sangakuuzeni. Pamenepo msewu wa M1 ndiwo malire, tsidya linalo ndi Mozambique, ndipo foni ikasiyidwa kuti izisankha yokha netiweki imatha kudumphira ku Movitel kapena Vodacom. Mukatero mumaimba osawapeza, kapena iwo amadabwa kuti intaneti yafa pomwe bandulo ilipo. Mulowe mu Settings, muzimitse roaming, yomwe imalola foni kugwiritsa ntchito netiweki ya dziko lina, netiweki muisankhe pamanja kuti ikhale ya kuno. Ndipo funso loti Airtel kapena TNM musaliyankhire m'tauni. Mukafike pakhomo pa amayi, muyese SIM zonse ziwiri m'nyumba momwe amagona ndi pakhonde pomwe amakhala madzulo, chifukwa m'mapiri amenewa khomo ili imagwira ina, khomo lotsatira ina.

Foniyo musaitumize pa minibasi kuti akailandire okha. Mupite nayo, mugoneko masiku awiri kapena atatu, ndipo musankhe masiku omwe si a msika, chifukwa tsiku la msika amayi a ku Lizulu simungawakhazike pansi.