Chimanga chisiyeni achemwali, kabwalo kanuko n'ka ndiwo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali, kuno ku Zomba. Akuti amakhala m'nyumba ya lendi ndi ana atatu, malipiro amatha mwezi usanafike n'pakati pomwe, ndipo kuseri kwa nyumba kuli kabwalo koti ukaponya mapazi khumi wagunda mpanda. Funso lawo ndi ili: "Kodi ndibzale chimanga pamenepa kuti ndisiye kugula ufa? Ndatopa n'kupita kumsika tsiku ndi tsiku."

Achemwali, ndikuyankhani mosapsatira mawu. Chimanga chisiyeni.

Kwathu kuno tilipo anthu asanu, ndipo thumba la makilogalamu 50 silifika mwezi ndi theka. Pa kabwalo kanuko, ngakhale muthire feteleza wochuluka bwanji, thumba limodzi lokha simudzalikwanitsa. Mudzawotcha mondokwa sabata ziwiri mu Malichi, ana adzakondwa, basi nkhani yathera pomwepo. Tsono tawerengani bwino chimene chimakutumani kumsika m'mawa uliwonse. Si ufa ayi, ufa mumagula kamodzi n'kukhala. Ndi kamulu ka tomato, anyezi mmodzi, kamtolo ka mpiru, mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Ndalama zimathera mu ndiwo, ndipo ndiwo ndiye zimene malo ochepa amatha kupereka osatopa.

Mvula ikangogwa yobzalira, m'mbali mwa mpandamo ikani nandolo. Safuna chisamaliro, amakonza nthaka yekha, ndipo cha m'ma Julayi mudzakhala mukudya makata madzulo. Patsinde pake bzalani maungu mapando anayi kapena asanu, muwalole ayange pampanda m'malo mokudyerani malo pansi. Khobwe akhale pakati, osati chifukwa cha mbewu zake kwenikweni koma chitambe. Nyemba pang'ono kuti mupeze khwanya, kamzere kamodzi ka mbatata ka kholowa, ndi mitengo iwiri kapena itatu ya chinangwa pakona, ya chigwada.

Zina sizifuna n'kubzala komwe. Bonongwe, luni, chisoso ndi denje zimamera zokha pamene pali manyowa. Vuto lake n'lakuti ana a masiku ano sazidziwa. Chaka china ndinatuma mphwanga kuti akapalire, ine ndili kuntchito. Pobwera ndinapeza munda uli mbee, bonongwe yense wazulidwa wawunjikidwa padzala, iye akumwetulira kudikira kuti ndimuyamikire. Musanapereke khasu kwa mwana, muyambe mwamuonetsa chimene chili udzu ndi chimene chili ndiwo.

Koma kubzala ndi mbali yaing'ono chabe ya nkhaniyi. Mu Febuluwale ndi Malichi masamba adzakuchulukirani mpaka ana adzayamba kudandaula kuti nkhwani tatopa naye. Kenako mu Okutobala, dzuwa litaswa mtengo, mudzapezeka mukugula timasamba tisanu ta repu tofota pamtengo woboola m'thumba. Amayi athu anaithetsa kalekale nkhani imeneyi, ndipo yankho lawo ndi mfutso.

Ine ndimafutsa chonchi. Ndimathyola masamba m'mawa mame atangouma, anthete okhaokha, osati okalamba kapena odyedwa ndi mbozi. Ngati ndi nkhwani ndimayamba ndasadzula bwinobwino, chifukwa ulusi wake ukauma umalimba ngati luzi ndipo palibe moto umene ungaufewetse. Ndikatsuka ndi kuduladula, ndimaponya m'madzi owira kale momwe muli kamchere pang'ono. Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa: amaphika ngati akuphika ndiwo zodya tsiku lomwelo. Ayi, masambawo angofota n'kubiriwira kwambiri, mphindi ziwiri kapena zitatu, muwavuule. Mukatero akhetseni madzi palichero n'kuwayanika mopyapyala pamphasa yoyera, pathandala, osati pansi pomwe nkhuku za aneba zimachita msonkhano.

Alangizi a zakudya amati ndi bwino kuyanika pamthunzi podutsa mphepo, chifukwa dzuwa lamphamvu limachotsa mtundu ndi mavitamini ena. Akunena zoona. Koma inunso mukuidziwa Zomba yathu: phirili likavala mtambo mu Febuluwale, mvula imatha kuwaza masiku atatu osalekeza, ndipo masamba onyowa pamthunzi amangochita chuku. Choncho ine tsiku loyamba ndimayanika padzuwa kuti madzi ambiri achoke, kenako ndimamalizitsira pakhonde. Musafutse tsiku limene kumwamba kwada. Yang'anani kuphiri m'mawa, mukaona nsonga zake zikuoneka bwino, tsiku lake ndi limenelo. Kufutsa kwambiri ndimachita chakumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo, mvula ikayamba kupuma, chiperoni cha mu Juni chisanafike.

Mfutso wouma umadziwika m'manja. Mukaufumbata uzilira kuti tswatswatswa n'kufumbutuka. Ukangopindika osathyoka, sunaume, ubwezereni padzuwa. Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Chaka changa choyamba ndinathamangira kutsekera khwanya wanga m'ndowa yapulasitiki poopa mvula. Nditatsegula mu Ogasiti, munali nkhungu yoyera ngati thonje, fungo lake losanena. Ntchito ya sabata zitatu inathera kudzala. Chakudya chilichonse chochita chuku, kaya ndi mfutso, mtedza kapena chimanga, musachichitire chisoni, tayani. Chuku china cha mu mtedza ndi chimanga chili ndi poizoni wowononga chiwindi ndipo kuphika sikumupha.

Agogo anga ankasunga mfutso m'zikwatu. Ankatenga masamba aakulu a msuku, n'kukulunga mfutsowo ngati mpira, kumanga ndi luzi, n'kupachika kudenga la khitchini pamwamba pa moto. Utsi unkathamangitsa tizilombo, kutentha kunkaletsa chinyontho, ndipo ndiwozo zinkakhala ndi kafungo kena kake komwe mpaka lero ndimakasowa. M'nyumba ya lendi yophikira pambaula pakhonde zimenezi n'zovuta. Mabotolo ouma bwino okhala ndi zivundikiro zothina, kapena kandowa kotseka, zimagwira ntchito. Muziika pamalo pamdima, ndipo kamodzi pamwezi muzitsegula n'kununkhiza.

Pophika, uviikeni kaye m'madzi ofunda kanthawi, muuphike m'madzi omwewo, muthire tomato, kenako mutendere ndi nsinjiro. Khwanya wotendera ndi nsima ya mgaiwa, achemwali, ngakhale mlendo wochokera ku Lilongwe amapempha chowonjezera. Mu 2018, nyanja ya Chilwa itaphwa kwambiri, matemba amene tinkawadalira anasowa, ndipo ochepa opezeka ankadula ngati nyama. Nyumba yathu inadutsa miyezi imeneyo ndi mfutso, nandolo ndi nsinjiro.

Tomato ndiye amayenda chobwerera. Iyeyu amachuluka n'kutsika mtengo nyengo yadzuwa, n'kudzakwera mvula ikafika pachimake, chifukwa nthawi imeneyo amagwidwa matenda m'munda. Choncho mu Sepitembala ndi Okutobala, mukapeza wotchipa ku Songani kapena ku Thondwe tsiku la msika, gulani wambiri. Mumdule mopyapyala, muwaze kamchere, muyanike padzuwa mutaphimba ndi kansalu kopyapyala kuti ntchentche zisatere. Akauma gwaa mungathe kumusinja n'kukhala ufa. Supuni ziwiri za ufa umenewu mu Febuluwale zimakupulumutsani ulendo wa kumsika. Therere lobala nalonso limauma bwino mukalidula timawilo.

Za madzi sindikunamizani. Kuno timamwa madzi ochokera kudamu la Mulunguzi, abwino ndithu, koma ndi olipira, ndipo kuthirira munda wonse ndi apampopi m'chilimwe n'kungosamutsa ndalama kuchoka kumsika kupita kubilu. M'chilimwe chepetsani munda. Masaka anayi kapena asanu odzaza dothi losakaniza ndi manyowa, oboola m'mbali, amakwana mpiru, repu ndi anyezi wamasamba. Thirirani ndi madzi otsukira mpunga, ndiwo ndi otsukuluzira mbale, koma osati okhala ndi mankhwala oyeretsera zovala. Pamwamba phimbirani ndi udzu wouma. Nsabwe za m'masamba zikabwera, phulusa ndi madzi a masamba a nimu onyika usiku wonse zimathandiza.

Chinanso chimene chimadya ndalama mwakachetechete ndi makala. Nyemba ndi nandolo wouma muzinyika usiku, m'mawa zimapsa msanga. Mitengo ya nandolo mukakolola musataye, iumitseni. Pa chitetezo mbaula, mbaula yadothi ija, timitengo timeneti timaphika nsima ndi ndiwo bwinobwino. Aliyense woyang'ana phiri lathu lero akuona yekha kumene makala akuchokera.

Ufa mudzagulabe, mchere, mafuta ndi sopo mudzagulabe. Ngati kumudzi kuli munda wa makolo, chimanga mukalime kumeneko. Ngati kulibe, sungani ndalama zimene mwapulumutsa pa ndiwo, mugule chimanga mu Meyi kapena Juni anthu atangokolola, mtengo usanakwere. Chiumitseni bwino n'kusunga m'matumba a PICS, amene amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda mankhwala.

Mvula yayandikira, choncho sabata ino yambani kukumba kadzenje ka manyowa pakona, muziponyamo makoko, phulusa ndi zinyalala zowola. Mbewu ya maungu ndi khobwe musagule, pemphani kwa mayi aliyense wachikulire kutchalitchi kapena kumzikiti, sakumanani. Koma khasu lisanalowe m'nthaka, kawaoneni a landilodi muwauze. Ine ndinaiwala zimenezi panyumba yomwe ndinkakhala kale, ndipo panabuka kamkangano kamene kanazima pokhapokha nditawatumizira mtolo woyamba wa nkhwani ndi maungu awiri.