Za amayi ako kukapumako ku Zomba

Halo, eya, voisi yako ndaimva mwana wanga, ndiye ndati ndiyankhire pompano pa gulupu kuti nonse mumve, tisamanong'onezane kumbali. Wafunsa ngati zili bwino kuti amayi ako apite kwa achemwali awo ku Zomba akapumeko masiku angapo pomwe achimwene ali chigonere ndi sitiroko ija, ndipo akuti iwo akukana poopa kuti anthu aziti athawa mwamuna pa matenda. Ine yankho langa ndi loti apite. Ndipo ndikunena ine mlongo wake wa wodwalayo, chifukwa miseche yotereyi kawirikawiri imachokera kwa ife akuchimuna, ndiye wina akafuna kulankhula abwere alankhule ndi ine.

Inu taganizani, alamu anga aja akudwazika okha usana ndi usiku, kuwatembenuza achimwene pakapita maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda kumsana ndi m'matako, kuwasambitsa, kuchapa zofunda, kuwamwetsa phala pang'onopang'ono kuti asatsamwe, ndiye kuwanyamula kuchoka pabedi kuwaika pa wilitcheya, munthu wamkulu ngati uja, msana wawo watha kale. Tonsefe tikafika timangoti odwala agona bwanji, koma alipo anawafunsapo kuti nanga inu mayi mwagona? BP yawo anayezetsa liti? Akadzagwa iwowo tidzakhala ndi odwala awiri m'nyumba imodzi.

Koma kungowauza kuti pitani kapumeni sizithandiza ayi, thupi likhala ku Zomba mtima uli kunyumba. Choyamba muwafunse achimwene eni ake, pakamwa pakuvuta inde koma amamva zonse, asamangoona mkazi akulongedza chikwama. Iwe upite ukagoneko amayi ako asananyamuke, uone m'mene amachitira, nthawi ya mankhwala ulembe m'kope, makamaka a BP aja asadumphe ngakhale tsiku limodzi. Zosambitsa ndi zakuchimbudzi achite mchimwene wako, bambo ako sangamasuke kuti mwana wamkazi awasambitse, ndimawadziwa ine. Ndipo amayi anu akakhala ku Zombako musamawaimbire foni pa kanthu kalikonse, sopo ali kuti, shuga ali kuti, asiyeni agone tulo.

Chinanso chimene ndikuchiona ndi choti alamu alibe woti n'kumukhuthulira za mumtima. Pali zinthu zoti mayi sangauze mwana wake, sangauzenso ine mlamu wake, monga kuti masiku ena amakwiya, amatopa mpaka kulira kubafa, amamusowa mwamuna wawo m'mene analili kale pomwe munthuyo ali pompo pabedi. Zimenezo amamvetsa ndi mayi mnzawo amene nayenso akudwazika mwamuna, ndipo si tchimo ayi. Mukapita nawo ku mafizo ku Kachere kuja pafupi ndi Queens, pabenchi podikira pamakhala magadiyani ambiri a matenda omwewa, alimbikitseni amayi anu acheze nawo, apatsane manambala, ngakhale kagulupu ka WhatsApp ka anthu ochepa kokha kamathandiza, munthu amadziwa kuti sali yekha komanso amaphunzitsana nzeru, uyu amadziwa kogula matewera a akuluakulu motchipa, uyu amadziwa kanyamulidwe kosapweteka msana. Mukafunsenso ku Tiyanjane ku Queens komweko, amene aja ntchito yawo ndi yosamalira anthu a matenda okhalitsa ndipo amalankhulanso ndi abale odwazika.

Amayi a Mvano nawo muwapemphe poyera, kubwera kudzaimba ndi kupemphera n'kwabwino kwambiri, koma awiri atamatsalako masana amodzi pa sabata, alamu atha kupita kumsika kapena kutchalitchi mtima uli m'malo. Anthu amafuna kuthandiza, kungoti sadziwa pothandizira mpaka uwauze.

Inu muli ku Joni, musamangotumiza timauthenga ta mapemphero, tumizani ya thiransipoti ya amayi anu ndi ya matewera pa Mukuru sabata ino. Ndipo zisathere ulendo umodzi womwewu, tigwirizane kuti mwezi uliwonse azipumako, tizisinthana. Loweruka loyambali ndibwera ine ndidzagone komweko, iwe undiuze nthawi yomwe minibasi yawo inyamuke.