Mwana wanga wasiya kupemphera ndipo akufuna kupita kutali: ndimuletse?

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wawo wamwamuna, wa zaka 19, anasiya kupita kutchalitchi chaka chatha, ndipo tsopano wapeza mwayi wa maphunziro kumzinda wakutali. Mayiwa akuopa kuti akangochoka pakhomo, ka chikhulupiriro komwe katsalako kathera pomwepo. Akuti apemphera koma yankho silikubwera. Akufunsa ngati amuletse, komanso kuti analakwitsa pati pomulera.

Mayi, ndiyambe ndi funso lachiwirilo, chifukwa ndikuona kuti ndi lomwe likukusowetsani tulo. Makolo ambiri amawerenga Miyambo 22:6, pomwe pamati mwana akaphunzitsidwa njira yake sadzachokamo ngakhale atakalamba, n'kumaganiza kuti mwana akapatuka ndiye kuti iwo analephera. Koma vesi limenelo likunena mmene zinthu zimayendera kawirikawiri, silikulanda mwana ufulu wake wosankha. Samueli anali mneneri wokhulupirika, koma ana ake Yoweli ndi Abiya atakhala oweruza ku Beereseba ankalandira ziphuphu. Pa Yesaya 1:2 Mulungu mwini wake akudandaula kuti analera ana, iwo n'kumupandukira. Kodi Iyeyo analakwitsa kulera? Pezani mpumulo pamenepo. Inde, Eli anadzudzulidwa chifukwa cha ana ake, koma mlandu wake unali woti ankadziwa zoipa zomwe ankachita ndipo sanawaletse. Mmene mwalembera, inu simuli kholo longoyang'ana.

Tsopano za ulendowu. Ndikuuzeni za Monica, mayi wake wa Augustine, amene anadzakhala bishopu wa mzinda wa Hippo, kumpoto kwa Africa. Augustine anabadwa mu 354, anakula akumva za Khristu kwa mayi ake, koma ali mnyamata anatsata chiphunzitso china. Mu 383 anaganiza zochoka ku Carthage kupita ku Rome. Monica analira, anamukakamira mpaka padoko, napempha Mulungu kuti mwanayo asapite. Augustine anamunamiza, usiku womwewo n'kukwera chombo. Tangoganizani m'mawa mwake mayi uja atapeza kuti mwana wapita, pemphero lake likuoneka ngati langogwera pansi. Koma ulendo womwewo ndi umene unakamufikitsa ku Milan, komwe anayamba kumvera maulaliki a bishopu Ambrose. Mu 387 anabatizidwa, ndipo Monica anaziona ndi maso ake asanamwalire chaka chomwecho. Mulungu anakana chomwe mayiyu anapempha usiku umodzi uja kuti amupatse chomwe ankapempha zaka zonse.

Sindikukuuzani nkhaniyi ngati lonjezo loti wanu naye adzabwerera pakatha zaka zinayi. Palibe munthu amene angakulonjezeni zimenezo, ndipo amene angayerekeze kutero mumusamale. Chomwe ndikufuna muone n'chakuti ife makolo timafulumira kuganiza kuti Mulungu amagwira ntchito pokhapo pomwe maso athu akufika. Mwana akakhala m'nyumba timati ali m'manja abwino, akachoka timati watayika. Chonsecho mwana wanu anasiya kupemphera ali m'nyumba mwanu momwemo.

Mwati Mulungu sakuyankha. Mwina mukudikira loto kapena mawu omveka m'khutu. Iye atha kulankhula motero, koma kawirikawiri amatsogolera kudzera m'Mawu ake, mu nzeru yomwe Yakobo 1:5 akuti tizipempha, ndi mwa anthu okhwima m'chikhulupiriro amene amakudziwani inu ndi mwanayo. Yokebedi anabisa mwana wake Mose miyezi itatu kuti asaphedwe. Atalephera kumubisanso anamata kabokosi ka gumbwa ndi phula, anaikamo mwanayo, anakaika pabango m'mbali mwa mtsinje, mlongo wake wa mwanayo ataima chapatali kuti aone chomwe chichitike. Anachita zonse zomwe manja ake akanatha, kenako anamusiya. Kukhulupirira kumene Miyambo 3:5-6 ikunena kumaoneka choncho.

Ndiye maganizo anga ndi awa: ngati chifukwa chokha chomuletsera ndi mantha a chikhulupiriro chake, musamuletse. Munthu wa zaka 19 mutha kumutsekereza pakhomo, koma mtima wake ungokutalikirani, ndipo adzayamba kuona Mulungu ngati amene anamulanda tsogolo. Paulo anachenjeza pa Aefeso 6:4 kuti tisakwiyitse ana athu. Zikanakhala kuti kumeneko kuli ngozi yeniyeni, monga anthu omukokera ku mankhwala ozunguza bongo kapena sukulu yosadziwika bwino, ndikanayankha mosiyana, ndipo zimenezo muzifufuze ndithu.

Asananyamuke, khalani naye pansi mumufunse chomwe chinamusiyitsa tchalitchi, ndipo mumvetsere mpaka amalize, ngakhale zina zikupwetekeni. Ena amachoka chifukwa cha mafunso omwe palibe anawayankha, ena chifukwa wina mumpingo anawakhumudwitsa, enanso chifukwa cha manyazi ndi tchimo lomwe akulibisa. Zitatuzi sizichira ndi mankhwala amodzi. Muuzeni poyera kuti mukumupempherera, kamodzi kokha n'kokwanira. Akapita muzimuimbira foni kumufunsa za maphunziro, za anzake, za thanzi lake, osati foni iliyonse kukhala ulaliki. Inunso pezani mnzanu mmodzi kapena awiri opemphera nawo, chifukwa miyezi yoyambirira idzakhala yolemera.